Mulibe ya situdiyo? Physics ya m'kalasi ikhoza kukujambulitsani nyimbo

Pa sekondale iliyonse simulephera kupezeka mnyamata kapena mtsikana amene masamba akumapeto a kope lake la Biology adadzaza ndi mawu a nyimbo. Tsiku la variety show ndi yemweyo amene amaimiritsa holo yonse. Koma mukamufunsa kuti, "Aise, nyimbo ija utulutsa liti?" yankho limakhala lomwe lija: "Ndikapeza ya situdiyo." Ena amadikira mpaka kulemba MSCE, kope lija n'kutayika, nyimbo n'kufera momwemo. Ena amadzimana mandasi temu yonse, kapena kudulako pa ndalama ya fizi, kuti alipire ola limodzi kwa wojambula, koma chotuluka chake n'kuchita nacho manyazi.

Ine ndikufuna ndikuonetseni kuti zambiri zomwe zimachititsa nyimbo kumveka bwino sizigulidwa m'sitolo. Zili m'mutu wa sound uja womwe mumauloweza pokonzekera mayeso. Sindikunamizani kuti foni ya m'thumba ingafanane ndi situdiyo ya zida zamamiliyoni, ayi. Koma amene akumvetsa momwe mawu amayendera akhoza kutulutsa chinthu chomveka ndi chitini, waya, bulangete ndi foni yobwereka.

Anayamba ndi nsambo imodzi

Tiyambe ndi umboni, pakuti enanu mukuti kale, "Izi n'zongotitonthoza."

M'chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi mwa Singano kufupi ndi Chileka. Ankayimba kwela ndi gitala, kachitoliro ndi besi ya nsambo imodzi yopanga okha. Nyimbo zawo zinadzafika mpaka ku Ulaya.

Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anakhala zaka akuyimba m'misewu ya Lilongwe. Yobu amayimba babatoni, Yosefe gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2019 chimbale chawo cha Wasalala chinatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Ku Nkhata Bay, Gasper Nali amayimba babatoni yotalika pafupifupi mamita atatu, dzanja lina kamtengo, dzanja lina botolo. Ndipo chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy, mu 2016, chinali cha Zomba Prison Project, chomwe Ian Brennan anajambulira m'ndende momwemo mu 2013 ndi zida zonyamula m'manja.

Anthu amenewa sanayambe ndi ndalama. Anayamba ndi khutu, ndipo manja awo ankatsata malamulo a Physics omwe inu muli nawo m'buku.

Nsambo imayimba bwanji?

Mawu ndi kunjenjemera. Chinthu chikanjenjemera chimakankha mpweya womwe wayandikana nacho, mpweyawo n'kukankha wina, mpaka fundelo litafika pa khutu lanu. Mu mpweya, fundeli limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi.

Kuchuluka kwa maulendo omwe chinthu chanjenjemera pa sekondi imodzi ndiye frequency, ndipo timayeza mu hertz, mwachidule Hz. Frequency yaikulu imapereka mawu opyapyala ngati a sopulano, yaing'ono imapereka mawu okhuthala ngati a besi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka cha m'ma 20,000 Hz. Noti ya A yomwe oyimba ambiri amachunira zida zawo ndi 440 Hz.

Yesani izi pompano. Panikizani lula m'mphepete mwa desiki, mbali ina itulukire kunja, ndiye muikhwethemule. Kenako ikokereni mkati kuti gawo lotulukalo lifupike. Mwamva? Ikafupika imanjenjemera mofulumira, mawu n'kukwera.

Pa nsambo pali zinthu zitatu zokha zomwe zimalamulira noti. Choyamba ndi kutalika: mukadula kutalika pakati, frequency imawirikiza kawiri, ndipo mumamva noti yomweyo koma yam'mwamba, "do" wapansi kusanduka "do" wapamwamba. Chachiwiri ndi kukunga: nsambo yokungika kwambiri imalira mokwera, koma kuti frequency iwirikize kawiri muyenera kukunga ndi mphamvu yowirikiza kanayi, n'chifukwa chake nsambo zambiri zimaduka m'manja mwa anthu opupuluma. Chachitatu ndi kulemera: nsambo yonenepa imanjenjemera mwaulesi, n'kupereka besi.

Tsono onani zomwe woyimba babatoni amachita. Nsambo ndi imodzi, yaitali, yolemera, choncho mawu ake ndi okhuthala. Akatsetsereza botolo pa nsamboyo amakhala akusintha kutalika kwa gawo lomwe likunjenjemera. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Botolo likuchita ntchito yomwe lula ija imachita pa desiki.

Ngati mukupanga banjo ya chitini, masamu awa akuthandizani kuika timawaya topingasa pa mpini, tomwe oyimba amati mafreti. Ma banjo ambiri opanga tokha amamveka osokonekera chifukwa mafreti anaikidwa mongoyerekeza ndi maso. Tinene kuti nsambo yanu ndi masentimita 60 kuchokera pomwe yatsamira kumutu kwa mpini kufika pa kamtengo kokhala pamwamba pa chitini. Gawani 60 ndi 17.8, mupeza pafupifupi 3.4. Freti yoyamba ikhale masentimita 3.4 kuchokera kumutu. Otsala ndi 56.6, gawaninso ndi 17.8, mupeza pafupifupi 3.2, umenewo ndi mtunda wochokera pa freti yoyamba kufika pa yachiwiri. Pitirizani chomwecho. Pofuna kudziwa ngati simunasochere, freti yachisanu igwere pa masentimita 15 kuchokera kumutu, yachisanu ndi chiwiri pa 20, ndipo ya nambala 12 igwere pakati penipeni, pa 30. Mukamakunga waya wa mabuleki a njinga, nkhope ikhale kutali. Waya woduka salemekeza diso.

Nanga chitini chija n'chachiyani?

Mangani waya pakati pa mitengo iwiri, muukhwethemule. Mawu ake ndi ochepa kwambiri, eti? Waya ndi woonda, ndiye umangodula mpweya ngati mpeni m'malo moukankha. Kuti mawu amveke pamafunika chinthu chotambalala chomwe chingakankhe mpweya wambiri nthawi imodzi. Ndiyo ntchito ya chitini pa banjo, chikopa cha ng'ombe pa babatoni, ndi thabwa lakumaso pa gitala. Kamtengo komwe nsambo yatsamira kamatenga kunjenjemera kuja n'kukupereka ku chikopa, chikopa n'kukankha mpweya.

Foni yanu ikhoza kukuonetsani zomwezi. Ikamanjenjemera muli nayo m'manja, sizimveka kwenikweni. Igoneni pa tebulo la thabwa, kalasi yonse itembenuka.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya pa mayeso. Chitini sichiwonjezera mphamvu ina iliyonse. Mphamvu yonse inachokera ku chala chanu. Chitini chimangothandiza kuti mphamvuyo ituluke msanga kupita mu mpweya. N'chifukwa chake banjo imalira mokweza koma noti yake imafa msanga, pomwe waya wopanda chitini umalira motsitsa koma kwa nthawi yaitali. Woyimba banjo amakhwethemula mofulumira osati chifukwa cha changu chabe, koma chifukwa chida chakecho sichisunga mawu.

Mdani wamkulu ndi chipinda

Tsopano tibwere pa kujambula. Anthu ambiri akamva nyimbo yawo ikumveka ngati ayimbira m'mgolo amaloza chala foni. Nthawi zambiri wolakwa si foni. Ndi makoma.

Mawu akagunda chinthu cholimba ndi chosalala, monga khoma la pulasitala, simenti yapansi, galasi kapena malata, amabwerera. Kuti khutu limve mawu obwererawo paokha ngati eko, pamafunika kuti achedwe ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Pa liwiro la mamita 340 pa sekondi, ndiye kuti ayende mamita 34, kupita ndi kubwera, kutanthauza kuti khoma likhale pa mamita 17. Chipinda chanu si chachikulu choncho. Khoma lili pa mamita awiri kapena atatu, ndiye mawu amabwerera mwamsangamsanga, kambirimbiri, n'kusakanikirana ndi mawu enieni. Ubongo wanu unazolowera kusefa zimenezi mukakhala m'chipindamo. Maikolofoni ilibe ubongo, imangotola zonse.

Musanajambule, imani pakati pa chipinda muombe m'manja kamodzi, mwamphamvu, kenako mvetserani. Mukamva kamchira kolira ngati chitsulo, chipindacho chikuwonongerani nyimbo. Kalasi yopanda anthu, bafa ndi tchalitchi chopanda anthu ndi malo oipitsitsa kwa munthu wojambula mawu ndi foni.

Mankhwala ake muli nawo kale kunyumba. Zinthu zofewa komanso zokhuthala zimameza mawu: fundelo likalowa pakati pa ulusi wa bulangete, mpweya umakhuzana ndi ulusiwo, mphamvu ya mawu n'kusanduka kutentha kochepa kwambiri koti simungakumve. Imikani matilesi kukhoma, pachikani mabulangete kumbuyo kwanu ndi m'mbali, yalani mphasa kapena zitenje pansi. Malo opachikapo zovala zambiri ndi abwino zedi. Bulangete lisamatirire kukhoma, lisiyeni mpata wa chikhatho chimodzi, limagwira bwino ntchito likatero.

Nanga mathileyi a mazira aja omwe timawaona atakhomedwa m'masitudiyo ena? Pepani, ntchito yawo ndi yochepa. Maonekedwe ake amafanana ndi siponji ya m'situdiyo, koma ndi opyapyala kwambiri, sameza mawu ambiri, ndipo saletsa n'komwe phokoso lakunja kulowa. Chifukwa chake chili pa wavelength. Mawu a 3,400 Hz ali ndi funde lotalika masentimita 10 okha, koma a 100 Hz funde lake ndi mamita 3.4. Funde lalikulu choncho kapepala sikangaliimitse. Ngakhale bulangete limameza bwino mawu opyapyala okha. Besi imafuna chinthu chokhuthala ngati matilesi.

Njira ina yaulere ndi kutuluka panja, kuseri kwa nyumba kapena kumunda, komwe kulibe makoma obweza mawu. Kumeneko adani ndi mphepo, atambala ndi chigayo. Sankhani nthawi yomwe mudzi uli zii. Ndipo mvula ikayamba pa malata, ingosiyani, mujambula mawa.

Sendezani foni

Ngati mungakumbukire chinthu chimodzi chokha m'nkhani ino, chikhale ichi. Mawu akamachoka pakamwa panu amamwazikira mbali zonse. Mukawirikiza mtunda kawiri, mphamvu yofika pa maikolofoni imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, komwe ndi kutsika ndi ma decibel 6. Koma phokoso la m'chipinda, la mawu obwerera ndi la ana akusewera panja, limakhala pafupifupi chimodzimodzi paliponse pomwe mwaika foni.

Ndiye tawerengani. Foni ili pa tebulo, mita imodzi kuchokera pakamwa. Mukaisendeza kufika pa masentimita 25, mwafupikitsa mtunda kanayi, ndipo mphamvu ya mawu anu pa maikolofoni yachuluka ka 16, phokoso lija lili pomwepo. Palibe pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ingakuchitireni zimenezi bwino kuposa kungosuntha mpando.

Koma kuyandikira kuli ndi vuto lake, ndipo Chichewa chathu chimalionetsa bwino. Ikani chikhatho kutsogolo kwa kamwa munene kuti "pala", kenako "phala". Pa "phala" mwamva kamphepo kakugunda dzanja. Momwemonso "thumba", "khasu", "phiri". Kamphepo kameneko kakagunda maikolofoni kamamveka ngati wina wamenya chitseko. Pindani waya ngati mkombero, mukungepo kansalu kopyapyala kapena sokosi yopyapyala, muike pakati pa kamwa ndi foni. Nsaluyo imamwaza mphepo koma mawu amadutsa. Apo ayi, ikani foni chapambali pang'ono kuti mpweya uziidutsa m'mbali. Dziwaninso pomwe pali maikolofoni: pa mafoni ambiri ndi kabowo kakang'ono kumunsi, pafupi ndi potchajira. Foniyo musaigwire m'manja, itsamiritseni pa nsalu yopindapinda.

Lamulo la mtundali ndi lomwenso lingakuthandizeni mukakhala gulu koma foni ndi imodzi. Woyimba mawu akhale pafupi, wa gitala kumbuyo kwake, wa ng'oma kutali kwambiri, mwina mpaka pakhomo. Jambulani masekondi 20, mvetserani, sunthani anthu, jambulaninso. Kale, zida zojambulira mawu ambiri paokhapaokha zisanabwere, magulu ankajambula motere. Mixer yanu ndi miyendo ya anzanu.

Mawu akasanduka manambala

M'kati mwa maikolofoni muli kachikopa kakang'ono kwambiri komwe kamanjenjemera mawu akakagunda, ngati mmene chimachitira chikopa cha m'khutu. Kunjenjemerako kumasanduka magetsi, ndipo foni imayeza magetsiwo kambirimbiri n'kusunga manambala. Pa muyezo wa CD, imayeza ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Nambalayi sinangotoledwa: kuti funde lisungike bwino liyenera kuyezedwa koposa kawiri pa kunjenjemera kulikonse, ndipo 20,000 kuwirikiza kawiri ndi 40,000.

Muyezo uliwonse uli ndi malire. Pa 16-bit pali masitepe 65,536, ndipo pamwamba pa sitepe yomaliza palibenso ina. Mukakuwa mopyola malirewo, nsonga za funde zimadulidwa n'kukhala zafulati. Izi ndi zomwe amati clipping, ndipo zimamveka ngati sipika yong'ambika ya m'minibasi. Zikachitika, zachitika: manambala odulidwawo sanasungidwe paliponse, ndiye palibe wojambula amene angawabweze bwinobwino. Choncho poyesa, yimbani gawo lomwe mumakweza kwambiri, muone kamzere kosonyeza mphamvu ya mawu. Kakafika pofiira, bwererani m'mbuyo pang'ono. Mawu otsika mukhoza kuwakweza pambuyo pake, koma ong'ambika ayi.

Pulogalamu zaulere zilipo. BandLab imagwira pa foni, Audacity pa kompyuta, ndipo zonse zimalola kujambula gitala payokha, mawu paokha, kenako n'kuphatikiza. Pochita zimenezi valani mahedifoni kuti zomwe munajambula kale zisalowenso m'maikolofoni. Akhale a waya, chifukwa a Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono ndipo mudzapezeka mukutsalira m'mbuyo mwa biti. Foni ikhale pa flight mode, kuopa kuti malume angaimbe pakati pa kolasi.

Potumiza, samalani. Mphindi imodzi ya WAV ya muyezo wa CD imadya pafupifupi 10 MB, pomwe MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB. Kusiyanaku kumabwera chifukwa MP3 imataya tizigawo ta mawu tomwe khutu silitimva kwenikweni. Kutaya kamodzi si vuto, koma fayilo ikapanikizidwa mobwerezabwereza imatha ngati fotokope ya fotokope. Sungani WAV yanu ngati mbewu. Voice note ya pa WhatsApp anaipangira kulankhula, osati nyimbo. Tumizani nyimbo yanu ngati document.

Besi yosowa pa foni

Tsiku lina mudzajambula besi yokoma, pa mahedifoni ikugunda mpaka mumtima, koma mnzanu akaitsegula pa sipika ya foni, besi ija osamveka. Musadabwe. Nsambo yonenepa kwambiri ya gitala ya besi imalira pa 41 Hz. Kuti mawu otsika choncho amveke pamafunika kukankha mpweya wambiri, ndipo sipika ya foni, yaing'ono ngati chikhadabo, singathe.

Mwayi wake ndi wakuti nsambo sinjenjemera pa frequency imodzi yokha. Nsambo ya 50 Hz imatulutsanso 100, 150, 200, 250 Hz ndi kupitirira apo, zomwe timati ma harmonic. Ubongo ukamva mndandanda wotalikirana ndi 50 chonchi, umadzaza wokha noti ya 50 Hz ngakhale sipika sinaitulutse. Ndiye besi yokhala ndi kakulira kokhakhala, ngati ka nsambo yomenyedwa ndi kamtengo, imapulumuka pa foni kusiyana ndi besi yosalala ya pa kompyuta. Popeza anthu ambiri adzamvera nyimbo yanu pa foni kapena pa kawayilesi, iyeseni pamenepo musanaitulutse. Ikamveka bwino pa sipika yonyozeka, pa yaikulu idzamveka bwino koposa.

Chida chomwe sichigulidwa

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, cochlea, momwe muli timaselo tokhala ndi titsitsi tomwe timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaseloti tikafa ndi phokoso sitimeranso. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mawu a ma decibel 80, ndipo mukawonjezera ma decibel atatu okha, nthawiyo imadulidwa pakati. Mukavula mahedifoni n'kumva kulira kwa "nziii" m'khutu, limenelo ndi chenjezo. Tsitsani voliyumu, pumulani pafupipafupi, ndipo pa disiko ya pasukulu musakaime pamphuno pa sipika. Gitala ikathyoka mupanga ina. Khutu ayi.

Kumbukiraninso kuti biti yomwe mwaitola pa intaneti ili ndi mwini wake. Nyimbo yomwe mwapeka nokha, pa chida chomwe mwapanga nokha, ndi yanu yonse, ndipo ku Malawi kuno bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zotere.

Ntchito ya kumapeto kwa sabata ino nayi. Sankhani vesi imodzi, muijambule kanayi ndi foni yomweyo: koyamba pakati pa chipinda chopanda kanthu foni ili pa mita imodzi, kachiwiri m'chipinda chomwecho foni ili pa masentimita 20, kachitatu mutazunguliridwa ndi matilesi ndi mabulangete, kachinayi panja. Musasinthe china chilichonse, monga mmene timachitira pa experiment iliyonse. Kenako mumvetsereni mnzanu osamuuza kuti iyi ndi iti, asankhe yomwe yamukomera, inu mufotokoze chifukwa chake pogwiritsa ntchito mawu oti reflection, absorption ndi distance. Mukatha kufotokoza, ndiye kuti funso la sound pa MSCE mwalikhoza kale, ndipo tsiku lomwe mudzapeze ya situdiyo mudzalowamo mukudziwa chomwe mukulipirira.